Musanapulinte posita kapena kutulutsa nyimbo ya AI, tsatani ndondomeko iyi

Pa Chitakale, pa Limbuli, pa Luchenza ndi pa Bvumbwe, m'timashopu topulintira zinthu ntchito yayamba kuthamanga. Posita yokhazikitsira chimbale cha kwaya, yomwe kale inkamudyera mnyamata tsiku lathunthu, lero ikutuluka kasitomala akadali pabenchi. Kungolemba mizere iwiri mu ChatGPT, mu Gemini kapena mu Meta AI ya pa WhatsApp, omwe ndi mapulogalamu a AI (makina omwe amalemba, kujambula kapena kupanga nyimbo ukangowalamula ndi mawu), chithunzi chija ndi ichi. Ena akupangira nyimbo pa Suno, ena malebulo a uchi ndi jamu wa nanazi, otsogolera alendo pa Likhubula akulembetsa mauthenga oitanira anthu kuphiri, aphunzitsi nawo akukonzetsa manotsi. Zonsezi n'zothandiza, ndipo amene akuti tizileke sanakhalepo ndi makasitomala asanu pakhomo magetsi atangoyaka kumene. Koma tsiku lomwe ntchitoyo yadzetsa dandaulo, woitanidwa kwa amfumu, ku COSOMA (bungwe loona za umwini wa ntchito zaluso) kapena kukhoti ndi uja analandira ndalama n'kudina batani lopulintira. Makina sapita kukayankha mlandu. Ndondomekoyi ikuyambira pamene kasitomala wakhala pansi mpaka pamene ntchito yatuluka pakhomo.

1. Dziwani zomwe lamulo lathu limateteza

Lamulo loteteza umwini wa ntchito zaluso m'Malawi muno ndi Copyright Act ya 2016, yomwe inalowa m'malo mwa ya 1989. Bungwe loyendetsa nkhanizi ndi COSOMA, lomwe linayamba ntchito mu 1992. Simukufunika kuloweza lamulo lonse. Zinthu zitatu izi zokha zikhale m'mutu.

Munthu akajambula chithunzi, akapeka nyimbo, akalemba ndakatulo kapena buku, umwini umayamba pomwepo. Sadikira kuti akalembetse kaye kwina kwake, ndipo sakakamizidwa kulemba dzina pachinthucho. Chithunzi cha Sapitwa chomwe mwachitola pa Facebook chopanda dzina chili naye mwini wake. Chachiwiri, pa nyimbo ndi zolembedwa umwiniwo umakhalapo moyo wonse wa wopekayo, kuphatikiza zaka zina 50 atamwalira. Woimba akatisiya, nyimbo zake sizisanduka zaulere ayi, zimatsala m'manja mwa abale kapena amene anawasiyira. Chachitatu, Malawi analowa m'pangano la Berne, lomwe maiko amatetezerana nalo umwini wa ntchito zaluso, mu 1991, choncho mlendo wa ku Germany amene anajambula Dziwe la Nkhalamba ndi wotetezedwa kuno monga momwe inu mulili otetezedwa kwawo.

Lamulo silitsekera munthu ganizo. Mayi akuthyola tiyi m'mamawa phiri likuoneka kumbuyo, limenelo ndi ganizo chabe, aliyense ali ndi ufulu wolijambula. Chotetezedwa ndi chithunzi chenichenicho chomwe wina anadzukira m'bandakucha kukachijambula.

2. Funsani kasitomala kuti chinthucho chikupita kuti

Khadi la tsiku lobadwa lotumizirana pagulu la banja ndi nkhani ina, lebulo yomwe ikamatidwe pa mabotolo 500 a uchi n'kukafika m'masitolo a ku Blantyre ndi nkhani inanso. Chikakhala chogulitsa, chotsatsira malonda, chokaulutsidwa pawailesi kapena chokaikidwa pa YouTube, tsatani mfundo zonse zotsatirazi osadumphako. Chikakhala choseweretsa pakhomo, mfundo yachitatu yokha ndiyo musaiphonye.

3. Yang'anani zomwe mukulowetsa m'makina

Milandu yambiri imayambira pano, makina asanatulutse n'komwe kanthu. Kasitomala amabwera ndi foni, n'kuonetsa chithunzi: "Achimwene, mundipangire ngati ichi, koma musinthe pang'ono kuti asadziwe." Mawu akuti "asadziwe" akuuzani kale kuti pali mwini wake. Kutenga chithunzi cha wina, kuchiika mu AI kuti ichotse dzina la wojambula pakona, isinthe mtundu wa thambo, iwonjezere mbalame ziwiri, kumeneko n'kusintha ntchito ya munthu popanda chilolezo chake, ndipo ufulu wosintha ntchitoyo ndi wa mwini yekha. Chimodzimodzinso kuika nyimbo ya woimba wina mu Suno kuti ayikonzenso, kapena kujambula masamba a buku lonse la sukulu kuti AI ilembe kabuku ka manotsi kogulitsa kwa ana a Fomu 4. Lamulo limalola mphunzitsi kutengako pang'ono pophunzitsa atatchula mwini wake. Malonda ndi nkhani ina.

Pa chilichonse cholowa, funsani kuti anachipanga ndani. Ngati ndi kasitomalayo kapena inuyo, pitirizani. Ngati ndi wina wodziwika, pemphani. Paja safunsa anadya phula. Uthenga wake suyenera kutalika:

"Zikomo bambo. Ndine wopanga maposita pa Chitakale. Ndaona chithunzi chanu cha munda wa tiyi chomwe munaika pa Facebook. Ndikupempha chilolezo chochiika pa kalendala ya gulu la amayi ogulitsa uchi, makope 200. Ndikufunanso kuchikonzako ndi AI kuti ndichotse nthambo za magetsi. Dzina lanu lilembedwa pansi pake. Mtengo wanu ndi wotani?"

Onani kuti uthengawo watchula ntchito yake, chiwerengero, komanso zoti AI ikhudzapo. Yankho likabwera, lijambuleni pafoni n'kulisunga. Mwini akapanda kupezeka, chisiyeni chithunzicho. Phiri silinasamuke: kwerani kabaza, pitani pamsewu wa ku Muloza dzuwa likamatuluka, mujambule nokha. Kapena fufuzani pa Wikimedia Commons, pomwe eni zithunzi anapereka kale chilolezo cha Creative Commons. Werengani zilembo zake. BY ikutanthauza kuti mutchule dzina la wojambula, NC ikutanthauza kuti si chamalonda, ND ikutanthauza kuti musachisinthe, ndiye chimenecho musachiyandikize n'komwe ku AI.

Nkhope za anthu ndiye zofunika kusamala koposa. Apa lamulo lake ndi lina: Data Protection Act ya 2024, yomwe inapatsa MACRA udindo woyang'anira kasungidwe ndi kagwiritsidwe ntchito ka zinthu zokhudza munthu payekha. Chithunzi cha munthu, nambala yake ya foni, chitupa chake cha unzika, zotsatira zake za kuchipatala, zonsezo n'zake. Mukaziika mu ChatGPT zachoka pafoni yanu, zapita pa makompyuta a kampani ya kunja. Musaikemo chitupa cha kasitomala, mndandanda wa mayina ndi ngongole za mamembala a banki m'khonde, kapena malipoti a ana asukulu okhala ndi mayina. Ngati mukufuna AI ikuthandizeni kusanja, fufutani mayina kaye. Mu ChatGPT lowaninso pa Settings, kenako Data controls, muzimitse pomwe palembedwa "Improve the model for everyone", kuti zolemba zanu zisamagwiritsidwe ntchito pophunzitsira makinawo.

Pali ntchito imodzi yomwe yafala kwambiri: pulogalamu ya maliro ndi ya kuvundukula chiliza. Abale amabwera ndi kachithunzi kakale, kofufuma, ka agogo, n'kupempha kuti muwaveke suti kapena muwaike pakati pa mitambo. AI siyeretsa chithunzi ngati momwe madzi amatsukira galasi, imajambula nkhope yatsopano mongoyerekeza. Mphuno imachepa, mphini za patsaya zimasowa, mano omwe anaguluka kalekale amabwerera. Musapulinte mwini mbumba kapena mwana wamkulu wa malemuwo asanaone ndi maso ake n'kuvomera kuti awa ndi amayi ake. Zoyendetsa milomo ya malemu kuti azioneka ngati akulankhula, pokhapokha banja lonse litagwirizana, ndipo ine ndingakulangizeni kukana ntchitoyo ngakhale atagwirizana. Zithunzi za ana, chilolezo chichoke kwa kholo. Ndipo wina akabwera ndi chithunzi cha mtsikana kapena cha mkazi yemwe anasiyana naye kuti mumuvule zovala ndi AI kapena mumuike pamalo ochititsa manyazi, mutulutseni m'shopu. Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 imalanga kuzunza ndi kunyazitsa munthu pa intaneti, ndipo apolisi akamatsata foni adzafika pa kompyuta yanu.

4. Lamulani makina ndi mafotokozedwe, osati ndi dzina la munthu

Kuti mumvetse chifukwa chake, dziwani momwe makinawa anaphunzirira. Anamwetsedwa zithunzi, mabuku, nyuzi ndi nyimbo zankhaninkhani zotoledwa pa intaneti, zambiri mwa izo eni ake asanafunsidwe. Zili ngati masamba a tiyi kufakitale: akasakanizidwa, kufota, kudulidwa ndi kuumitsidwa, palibe angaloze kuti tsamba ili linachoka m'munda mwa uje ku Thekerani. Kusiyana kwake n'kwakuti mlimi wa tiyi masamba ake amakwera pasikelo, kalaliki n'kulemba makilogalamu, mwezi ukatha n'kulandira kangachepe. Olemba ndi ojambula ambiri ntchito zawo zinalowa popanda sikelo.

N'chifukwa chake kunjaku milandu ili mbwee. Kampani yogulitsa zithunzi ya Getty Images inasumira Stability AI, yopanga makina ojambula zithunzi, mu 2023 pa nkhani ya zithunzi. Nyuzipepala ya New York Times inasumira OpenAI (eni ake a ChatGPT) ndi Microsoft mu Disembala 2023. Mu Juni 2024 makampani akuluakulu a nyimbo, Universal, Sony ndi Warner, anasumira Suno ndi Udio. Mu 2025 woweruza wina ku California, William Alsup, anagamula kuti kuphunzitsa makina ndi mabuku ogulidwa mwachilungamo n'kololedwa m'malamulo a ku America, koma kusonkhanitsa mabuku kuchokera pamasamba akuba n'kosaloledwa, ndipo kampani ya AI yotchedwa Anthropic, yomwe inasumiridwa pa mlanduwu, inavomera kulipira olemba mabuku madola 1.5 biliyoni kuti mlandu uthe. Imeneyo ndi nkhondo ya akuluakulu, inu ndi ine sitingaithetse tili pa Luchenza. Chomwe chikutikhudza n'chakuti makinawa nthawi zina amalavula chinthu chofanana kwambiri ndi chomwe anamwetsedwa, makamaka ukawakankhira komweko potchula dzina.

Tsono musalembe kuti "imba ngati uje" kapena "jambula monga amajambulira uje". Fotokozani chomwe khutu lanu likufuna: kwaya ya amayi, mawu anayi, ng'oma imodzi ndi chisekese, liwiro la pang'onopang'ono, woyambitsa mmodzi ena n'kumavomera. Pa chithunzi fotokozani kuwala, nthawi ya tsiku, mitundu, mbali yomwe munthu wayang'ana. Zotuluka zimakhala zanuzanu kusiyana ndi za uja wangotchula dzina.

Kubera mawu a munthu ndiye kuipa kwenikweni. Mapulogalamu alipo oti ukawapatsa mphindi zochepa za mawu a woimba, m'busa kapena phungu, amayankhula chilichonse ndi mawu akewo. Kutsatsa mankhwala azitsamba kapena shopu ya zovala ndi mawu a woimba wotchuka yemwe sakudziwa n'komwe, ndi kunamiza ogula ndiponso kumudyera mnzanu thukuta lake. Mawu a munthu wamoyo, pemphani mwini ndipo mulembelane. A malemu, pitani kubanja.

5. Zachikhalidwe zili ndi eni ake

Ambiri amaganiza kuti nyimbo ya makolo ndi ya aliyense poti woipeka sadziwika. Lamulo lathu silitero. Umwini wa nthano, magule, nyimbo ndi zojambula za makolo uli m'manja mwa boma mpaka muyaya, m'malo mwa Amalawi onse, ndipo wofuna kuchita nazo malonda kunja kwa mwambo wake amayenera kupempha chilolezo. Poyambira kufunsa ndi ku COSOMA. Kuvina tchopa pamwambo, kapena kuphunzitsa ana kusukulu, palibe akuletsani. Kujambula nyimbo za tchopa pa Chonde nthawi ya mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, kuziika m'makina kuti zituluke ndi biti yatsopano n'kumagulitsa, pamenepo mwalowa pena.

Kupatula lamulo, pali ulemu. Tchopa inalembedwa ndi UNESCO mu 2014 ngati chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, ndipo mu 2025 phiri la Mulanje nalo linalowa m'kaundula wa malo osungidwa a dziko lonse, makamaka chifukwa cha momwe Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe amalilemekezera ngati malo a mizimu. Tchopa ndi gule wa nsembe: amavinidwa pothokoza zokolola kapena ulenje wabwino, ndiponso popepesa mizimu pakagwa chilala kapena mliri. Ovina amavala zikopa ndi nthenga, ena amabereka mitolo yokhala ndi makasu, zida zosakira, zidole ndi ziwiya zakale zakukhitchini. Uzani AI kuti ijambule ovina tchopa muone. Kawirikawiri ikupatsani amuna ataliatali ovala nsalu zofiira za Amasai, kapena onyamula zishango za Azulu, chifukwa zithunzi za kumeneko n'zomwe inaziona zambiri. Chithunzi chotero mukachiika pa posita chikalowa pa intaneti, ndipo mwana wa ku Lilongwe adzakula akudziwa kuti tchopa ndi ameneyo. Pa zachikhalidwe, pitani kwa gulu lovina, gwirizanani mtengo, jambulani anthu enieni. AI muisiyire ntchito yokonza kuwala ndi kusanja zilembo. Zakusimba ndi miyambo ina yobisika musaziike m'makina ngakhale mutakhala kuti munavinidwa ndipo mukuzidziwa.

6. Fufuzani chomwe chatuluka musanachikonde

Chithunzi cha AI chimakopa ukachiona patali. Chikulitseni pa kompyuta, muyende nacho pang'onopang'ono kuyambira pakona. M'makona ndi m'munsi yang'anani timizere tokhotakhota tooneka ngati siginecha kapena chidindo chofufutika. Mukatipeza, chitayeni chithunzicho mupangitse china, musangodula konayo. Werengani zala za mayi wothyola tiyi uja. Onani dengu: lamba wake wadutsa pamapewa kapena walowa m'khosi? Chipewa chake ndi cha kuno kapena n'chosongoka cha ku Asia? Phiri lili kumbuyoko ndi Mulanje wa miyala yotuwa, kapena lavala chipale pamwamba? Pa malaya ndi pa mabotolo onani ngati sipanatulukire chizindikiro cha kampani ya zakumwa kapena ya timu ya mpira.

Pa lebulo ya chakudya samalani kwambiri. AI ikamva kuti lebulo ya jamu, imakonda kudzaza malo ndi tizidindo tooneka ngati ta boma, timizere ta pakauntala, ndi mndandanda wa mavitamini wongopeka. Zonsezo fufutani. Chidindo cha Malawi Bureau of Standards amaika ndi okhawo omwe katundu wawo anayesedwa n'kuvomerezedwa, ndipo kachidindo kongofanana nacho kangagwetse gulu lonse la amayi m'mavuto omwe sanawaitane.

Kenako ikani chithunzicho pa Google Lens, pulogalamu yofufuzira zithunzi pa intaneti, muone ngati palibe china chofanana nacho kwambiri. Nyimbo imvetseni anthu awiri atatu omwe amatsata nyimbo, monga DJ kapena wotsogolera kwaya. Wina akangoyamba kuyimba mawu a nyimbo ina pamwamba pa yanuyo, dziwani kuti siinu mwini chuni chimenecho.

Zolembedwa nazo zifufuzeni mzere ndi mzere. Makinawa amapeka zinthu molimba mtima. Mu 2023 maloya ena ku New York analipitsidwa chindapusa cha madola 5,000 atapereka kukhoti milandu yomwe ChatGPT inangoipeka, yoti sinachitikepo. Ngati anapusitsika maloya, kuli bwanji kapepala ka alendo? Sapitwa ndi wotalika mamita 3,002. Makina akakupatsani nambala ina, kapena akakuuzani kuti munthu angathe kukwera n'kutsika asanadye nkhomaliro, mukaika moyo wa mlendo pachiswe. Mavesi a m'Baibulo atsegulireni Baibulo lenileni. Chichewa chake chiwerengeni mokweza, chifukwa chimatuluka chosakanikirana ndi Chiswahili kapena Chishona, mwinanso mawu oti kulibe. Chilhomwe ndiye musayerekeze n'komwe popanda wamkulu wochidziwa kukhala pambali panu.

7. Ikanipo dzanja lanu, ndipo sungani umboni

Funso lomwe makasitomala ochenjera ayamba kufunsa ndi ili: logo mwandipangirayi, wina akaikopera ndingamusumire? Lamulo lathu linalembedwa mu 2016, makinawa asanafike m'manja mwa anthu, poti ChatGPT inatuluka mu Novembala 2022. Maiko ena ayamba kale kugamula, ndipo sakugwirizana. Ku America, ofesi yoona za umwini inanena mu Febuluwale 2023, pa kabuku kena ka zithunzi zopangidwa ndi Midjourney, kuti mawu a nkhaniyo ndi kasanjidwe kake n'zotetezedwa poti anachita ndi munthu, koma zithunzizo pazokha ayi. Mu Januwale 2025 ofesi yomweyo inabwereza kuti kungolemba malangizo kwa makina sikukupanga munthu kukhala mwini. Mu Malichi 2025 khoti la apilo ku Washington linakanira Stephen Thaler, yemwe ankafuna kulembetsa chithunzi m'dzina la makina ake. Ku Beijing, khoti lina mu Novembala 2023 linagamula mosiyana, linati munthu amene anasankha ndi kukonzakonza malangizo ake ndi mwini chithunzi.

Pa zigamulo zonsezi, wopambana ndi amene angathe kuonetsa ntchito ya mutu wake ndi manja ake. Ndiye chitani izi. Mawu a nyimbo lembani nokha m'kope, ndi deti lake, AI ingokuthandizani kuyesa kamvekedwe, kenako mukajambule kusitudiyo ndi mawu a anthu. Logo yambani mwaijambula papepala ngakhale mokhotakhota, ijambuleni pafoni, ndipo chomwe makina atulutse muchikonzenso nokha. Pa posita, zithunzi zikhale zanu, kasanjidwe kanu, mawu anu.

Ntchito iliyonse ikhale ndi foda yake: dzina la kasitomala ndi deti, zomwe anabweretsa, mauthenga a chilolezo, malangizo omwe munalembera makina, zomwe zinatuluka poyamba, ndi chomalizidwa. Koperani fodayo pa fulashi kapena pa Google Drive, poti kompyuta za m'mashopu mwathu zimafa ndi kuthimathima kwa magetsi. Wa logo mumuuzenso kuti chitetezo chodalirika cha chizindikiro cha malonda ndi kukachilembetsa kuboma pansi pa Trademarks Act ya 2018.

8. Werengani malamulo a pulogalamuyo, kenako lemberanani ndi kasitomala

Pulogalamu iliyonse ili ndi malamulo ake, ndipo amasinthasintha. Pa Suno, nyimbo zopangidwa pa akaunti yaulere si zochitira malonda, ufulu wogulitsa umabwera ndi akaunti yolipira. OpenAI imati zotuluka ndi zanu, komano imachenjezanso kuti munthu wina angathe kulandira zofanana nazo. Tanthauzo lake n'lakuti logo ya nanazi wovala chisoti yomwe mwagulitsa pa Chitakale ingathe kutulukiranso kwa wina ku Nkhata Bay, ndipo simungalonjeze kasitomala kuti ndi yake yekha.

Zimenezi muuzeni asanalipire, ndipo mulembe kuseri kwa lisiti kapena pa WhatsApp:

"Zithunzi ziwiri za mabotolo zabwera ndi mayi eni ntchito, ndipo atsimikiza kuti anajambula okha. Maluwa a m'mbali apangidwa ndi AI. Kasanjidwe ndi zilembo ndapanga ine. Akamaliza kulipira, ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito lebuloyi pa uchi wawo. Sindikulonjeza kuti maluwawo sangapezeke pena."

Onse awiri musayine kapena kuyankha kuti mwavomera. Mizere isanu imeneyi idzakuombolani tsiku lomwe kasitomala adzanene kuti chithunzi chakuba chija munachipeza ndinu.

9. Nenani poyera pamene AI yagwira ntchito

Si paliponse pofunika chizindikiro. Maluwa okongoletsa m'mbali mwa khadi laukwati palibe amene apusitsike nawo. Koma paliponse pomwe woona angakhulupirire kuti chinthucho chinachitikadi, lembani kuti "Chithunzichi chapangidwa ndi AI". Malo ogona alendo asaonetse chipinda chomwe kulibe. Wogulitsa mbande za makadamiya asaonetse mtengo wobereka mwa matsenga. Ndipo ife a kuno, amene tinaona zomwe namondwe wa Freddy anachita mu Malichi 2023, tisayerekeze kupeka zithunzi za madzi osefukira kapena za ana olira kuti tipemphere thandizo. Bodza limodzi lotero likagwidwa, ovutika enieni ndi amene amatsekeredwa zitseko. YouTube kuyambira 2024 imafunsa poika kanema ngati muli zinthu zopangidwa zooneka ngati zenizeni, yankhani zoona. Polembetsa nyimbo ku COSOMA nenaninso zoona za gawo lomwe munapeka ndi lomwe anapanga makina. Wophunzira wa ku MUST kapena kusekondale afunse mphunzitsi wake malire ake asanapereke ntchito.

10. Dandaulo likabwera

Wina akakuimbirani kuti mwagwiritsa ntchito chinthu chake, musayambe ndi "ndi AI inapanga", yankho limenelo silikuchotsani pamlandu. Imitsani kaye kupulinta kapena tsitsani chinthucho pa intaneti, tsegulani foda ija, muone chomwe chinalowa ndi chomwe chinatuluka. Ngati akunena zoona, kambiranani: kulipira chilolezo, kuika dzina lake, kapena kuchotseratu. Zambiri zimathera pomwepo. Zikafika pa kalata ya loya, nanunso pezani loya musanayankhe chilichonse cholembedwa.

Mukakhala kuti mwaberedwa ndinu, yambani ndi umboni musanakalipe, chifukwa wakubayo akangomva amafufuta. Jambulani tsamba lonse pafoni, dzina la akaunti ndi deti zikuoneka, koperani linki, ndipo ngati ndi posita ya pamtengo kapena lebulo ya m'sitolo, ijambuleni pomwe ilipo kapena gulani botolo limodzi musunge ndi lisiti yake. Pezani fayilo yanu yoyambirira, ija ya mu kamera kapena ya kusitudiyo, osati yomwe yadutsa pa WhatsApp, poti WhatsApp imachepetsa chithunzi n'kufufuta deti ndi mtundu wa foni yomwe inajambula. Mulembereni mwaulemu, mutchule chomwe mukufuna ndi tsiku lomwe mukuyembekeza yankho. Akakana, Facebook, YouTube ndi TikTok onse ali ndi fomu yodandaulira za umwini, ndipo amatsitsa chinthucho mukapereka umboni. Nkhani ya nyimbo, buku kapena chithunzi chogulitsidwa itengereni ku COSOMA. Ya nkhope kapena mawu anu oikidwa pa zinthu zonyazitsa ipite kupolisi ndi ku MACRA, mutanyamula foni yomwe ili ndi umboniwo komanso makope opulinta a zomwe mwajambula.